Elsa Wafika pa Chitakale: Ana Athu Akutolamo Chiyani M'makatuni?

Mukazungulira pa Limbuli tsiku la msika, kapena mukaima pa Chitakale m'mamawa ana akuthamangira kusukulu, pali nkhope imodzi imene simungalephere kukumana nayo. Ndi ya mtsikana wamaso aakulu abuluu, khungu lotuwa mbuu, tsitsi loyera lolukidwa chingwe chimodzi chogwera paphewa. Ali pazikwama za mabuku, ali pamalaya a pakaunjika, pamabotolo a madzi, ngakhale pamasilipasi. Dzina lake ndi Elsa. Makolo ambiri amene amagula zinthuzi samudziwa n'komwe, koma funsani mwana wa zaka zisanu. Akuuzani dzina lake, dzina la mng'ono wake Anna, ndi zimene manja ake amachita akapsa mtima.

Ine ndimaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina ya pulayimale yoyandikana ndi minda ya tiyi, ndipo kunyumba ndikulera atsikana awiri, wobereka ndekha ndi wa malemu mng'ono wanga. Makatuni a ana aakazi a mafumu, amene anawo amangoti mapulinsesi, ndimaonera nawo, ndipo zotsatira zake ndimazipeza m'makope ndi m'masewera a nthawi ya buleki. Sindidana nawo makatuniwa, ena amandikomera ndine wamkulu yemwe. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti mwana wa ku America, amene anamupangira mafilimuwa, amaonera ndi maso ndi makutu omwe, pamene wa kuno amaonera ndi maso okha. Awiriwa sangatole zofanana.

Mafilimuwa si a dzulo ayi. Kampani ya Walt Disney inatulutsa Snow White and the Seven Dwarfs mu 1937, Cinderella mu 1950, ndi Sleeping Beauty mu 1959. Nkhani zake sanapeke okha. Zinali nthano za ku Ulaya zimene anthu ankasimbirana madzulo monga ife, mpaka pamene anthu ngati Charles Perrault wa ku France, mu 1697, ndi abale awiri a ku Germany otchedwa Grimm, kuyambira mu 1812, anaziika m'mabuku. Patadutsa zaka 30 chitulukireni Sleeping Beauty panabwera gulu lachiwiri: The Little Mermaid mu 1989, Beauty and the Beast mu 1991, Aladdin mu 1992, Mulan mu 1998. Gulu la masiku ano ndilo la The Princess and the Frog, Tangled, Brave, Frozen ya mu 2013 ndi Moana ya mu 2016.

Zakuti nkhope za mapulinsesiwa zizipezeka pa chilichonse zinayamba cha m'chaka cha 2000. Mkulu wina wa zamalonda ku Disney, Andy Mooney, anapita kukaonera chionetsero mumzinda wa Phoenix n'kupeza tiatsikana tambirimbiri titavala madiresi a mapulinsesi osokedwa kunyumba. Iye anaonapo ndalama zimene kampani inkazisiya panjira. Anasonkhanitsa atsikana a m'mafilimu osiyanasiyana n'kuwasandutsa chizindikiro chimodzi chogulitsira zovala, zidole ndi zikwama. Zimene zimatha ntchito m'nyumba za ku Ulaya ndi ku America ndi zimene zimatipeza ife m'mabelo a kaunjika, ndipo matelala athu nawo anaphunzira kusoka madiresi otukumuka a neti ovala tiana pa ukwati ndi pa mwambo wotsanzikana kusukulu za mkaka.

Filimu yeniyeniyo imafika kudzera njira zitatu. Amene ali ndi dikoda amaipeza pa wailesi ya kanema. Ena amalipira kandalama kochepa ku vidiyo sho, m'kachisakasa kotchinga ndi masaka, koyendera sola kapena jenereta. Koma njira yaikulu ndi memole khadi. Mnyamata wa pashopu yoika nyimbo amakuthirirani mafilimu mulu umodzi, ya mu 1950 pambali pa ya mu 2016. Mwana alibe podziwira kuti Cinderella anatuluka dziko lino likadali Nyasaland, ndiponso kuti maganizo amene ali m'menemo eni akewo ena anawasiya kalekale. Kwa iye zonse n'zatsopano, ndipo zonse n'zoona mofanana.

Bwerani pakhonde pathu Loweruka masana mudzaone. Foni yong'aluka galasi yatsamiritsidwa ku kapu, ana a nyumba zitatu aunjikana mitu pamodzi, wina wabereka khanda kumbuyo. Mawu onse ndi a Chingerezi, chothamanga, chotulukira m'mphuno, chosiyana ndi chimene timaphunzitsa m'kalasi. Wamkulu pagulupo, mtsikana wa Sitandade 6, ndiye womasulira. "Akuti chiyani?" anzake amafunsa. Iye amatola liwu limodzi kapena awiri, kwinako amadzaza ndi zimene akuona ndi zimene amazidziwa kale za m'mudzi. Nkhani imene anawa amanyamula pobalalika ndi yawoyawo, yomangidwa ndi zithunzi.

Nachi chitsanzo chimene sindichiiwala. Mu Frozen, Anna amakumana ndi mnyamata wooneka bwino dzina lake Hans, ndipo tsiku lomwelo amagwirizana zokwatirana. Akapita kukapempha madalitso kwa mkulu wake, Elsa amakana, chifukwa chake n'chakuti munthu sungakwatiwe ndi amene wangomudziwa lero lomwe. Opanga filimuyo anaika mawu amenewa mwadala, podzudzula mafilimu awo akale, ndipo kumapeto Hans amaululika kuti ankangofuna ufumu. Nditawafunsa atsikana anga chimene chinamukwiyitsa Elsa, wamkulu anayankha mosakayika: "Nsanje, amayi. Poti iyeyo alibe mwamuna." Wamng'ono anavomereza ndi mutu. Phunziro labwino kwambiri la filimu yonse linali m'mawu, ndipo mawuwo sanawafike. Chimene chinawafika ndi diresi, kuvina, ndi mkazi wopanda mwamuna atakwinya nkhope.

Ndiye tiyeni tione zimene zithunzi pazokha zimanena, popeza ndizo ana athu akumva.

Choyamba ndi maonekedwe. Tsiku lina pa phunziro la zaluso ndinauza ana kuti ajambule munthu wokongola. Atsikana a m'kalasi mwanga ambiri ndi ometa, monga zimakhalira m'sukulu zathu za boma. Komabe kope ndi kope munatuluka munthu watsitsi lofika m'chiuno, ndipo chekeni chachikasu chinalimbiranidwa mpaka kuthyoka. Nkhope anazisiya osapaka kanthu, zoyera ngati pepalalo. Ndinagwada pambali pa kamtsikana kena kakuda bwino, kamano oyera, kanzeru pa masamu, n'kukapatsa chekeni chabulawuni kuti kapake nkhope ya munthu wakeyo. Kanabisa kope kumbuyo. "Ayi Madamu, aipa." Kanayankha mwaulemu, mopanda kudandaula, ngati kakundikumbutsa chinthu chodziwika kwa aliyense.

Kungakhale kunama kunena kuti Disney ndiye anabweretsa maganizo amenewa. Amayi athu ankadzola Ambi makatuni asanafike m'midzi. Ndife tomwe timati tikaona khanda kusikelo, "Koma ndiye ndi woyera bwino ngati mzungu," mkulu wake wakuda ali chiimire pomwepo akumva. Mafuta oyeretsa khungu ali mbwee m'misika yathu, ena okhala ndi hydroquinone kapena mercury, mankhwala amene amapyapyalitsa khungu ndipo mercury amawononga ndi impso zomwe. Dziko la Côte d'Ivoire linawaletsa mu 2015, Rwanda nayo inayamba kuwalanda m'masitolo mu 2018. Filimu imangobwera kudzachitira umboni zimene mwana wamva kale pakhomo, koma umboni wake ndi wamphamvu chifukwa umabwera ndi nyimbo ndi kuwala, ndipo mwana amaubwereza mpaka batire kutha.

Kuchokera mu 1937 panatenga zaka 72 kuti Disney ajambule pulinsesi wachikuda. Ndi Tiana wa mu The Princess and the Frog ya mu 2009, mtsikana wa ku New Orleans wogwira ntchito ziwiri zoperekera zakudya kuti adzatsegule lesitilanti yakeyake. Pa onsewo ndi amene amafanana kwambiri ndi amayi a kuno, amene amalawirira kukathyola tiyi dengu lili kumsana, madzulo n'kukazinga mandasi ogulitsa. Koma gawo lalikulu la filimuyo Tiana amakhala atasanduka chule. Ana a pakhonde pathu amaitchula kuti filimu ya achule, ndipo pa masewera palibe amalimbirana kukhala Tiana. Ndipo kaya khungu ndi lotani, chiuno chimakhala chimodzimodzi, chowonda moti munthu weniweni sangapume nacho. Thupi la mkazi wodzala, wamphamvu zosenza mtolo wa nkhuni kutsika nawo phiri, m'mafilimu akalewa limapatsidwa kwa wantchito kapena kwa woipa, monga Ursula wa mu The Little Mermaid.

Akatswiri awiri a zilankhulo a ku America, Carmen Fought ndi Karen Eisenhauer, anawerenga mawu oyamikira amene akazi amalandira m'mafilimuwa, n'kuulutsa zimene anapeza mu 2016. M'mafilimu atatu akale aja, mawu 55 pa 100 alionse anali oyamikira maonekedwe, 11 okha ndiwo anali oyamikira luso. M'mafilimu atsopano zinatembenuka: 22 maonekedwe, 40 luso. Kusintha kumeneku n'kwenikweni ndipo n'koyamikirika. Koma taonaninso pamene kwabisala: m'mawu. Nkhope ndi chiuno sizinasinthe kwenikweni.

Chachiwiri ndi chimene chimandiopsa kuposa zonse, ndipo olemba a kunja sachitchula kawirikawiri chifukwa kwawo si nkhani ya moyo ndi imfa. Ndi nkhalamba. Mu Snow White, mfumukazi yoipa ikafuna kupha mtsikanayo imadzisandutsa gogo wopindika msana, wamphuno yokhota, wamano ogweluka, n'kumupatsa chipatso chapoizoni. Mu Tangled, mayi wokalamba amaba khanda kuti azidzibwezera utsikana ndi mphamvu ya tsitsi lake. Mwana wa ku London akaona zimenezi amadziwa kuti ndi zongopeka, pakuti kwawo mfiti ndi chovala cha pa chikondwerero. Mwana wa kuno anauzidwa kale kuti asamalandire chakudya kwa anthu achikulire osawadziwa chifukwa angamuphunzitse ufiti. Filimu ikamuonetsa gogo akupereka chipatso, mtsikana n'kugwa, iye saona nthano. Amaona zimene anamva zija zikuchitika pamaso pake.

Pageti pa sukulu yathu pamakhala agogo ena ogulitsa nthochi, owerama, otsala ndi mano owerengeka. Ali ndi chizolowezi chopatsa ana nthochi zimene zayamba kuda m'malo mozitaya. Tsiku lina ndinaona kamnyamata kakubweza dzanja, n'kunong'oneza mnzake mokweza ndithu kuti, "Usalandire, ali ngati ajawa a mufilimu." Agogowo anamva. Anabweza nthochiyo m'lichero mwakachetechete n'kuyang'ana kumbali. Ine mtima unandiwawa tsiku lonse, chifukwa ndikudziwa kumene mawu otere amathera akakula. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Ife a ku Mulanje sitifunikanso kuuzidwa za mphamvu ya mphekesera: mu 2017 nkhani ya anamapopa inafalikira kuno, anthu osalakwa anaphedwa, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake kuno ndi ku Phalombe. Lamulo la za ufiti la mu 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma lamulo limafika mochedwa, mwana ataphunzira kale kuti makwinya ndi chizindikiro cha kuipa mtima.

Agogo abwino aliponso m'mafilimuwa, ndipo ndimaonetsetsa kuti ana awaone. Amene amathandiza Cinderella kupita kuphwando ndi mayi wachikulire waimvi. Mu Moana, agogo ake a mtsikanayo, a Tala, anthu a m'mudzi amawaona ngati osokonekera, chonsecho ndi okhawo amene akusunga mbiri ya mtundu wawo. Atsikana anga atawaona anati, "Ngati anganga!" ndipo ndinasangalala. Kulinso katuni ya Kirikou ya mu 1998, yopangidwa ndi Michel Ocelot wa ku France potengera nthano za kumadzulo kwa Africa, m'mene kamwana sikafunsa njira yophera mfiti Karaba koma kamafunsa chimene chinamuipitsa mtima, mpaka kupeza kuti ali ndi munga umene anthu anamubaya nawo pamsana.

Pafupi ndi nkhalamba pali mayi opeza. Wa Snow White amafuna kumupha, wa Cinderella amamusandutsa kapolo. Nkhanza za amayi ena opeza n'zoona, ndaziona kwa ana a m'kalasi mwanga, ndipo mwana amene akuzunzika akaona Cinderella amadziwa kuti sali yekha. Koma m'boma lino, kumene Edzi inasiya ana amasiye ochuluka ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anawonjezera ena, nyumba zambiri zikulera ana osabereka okha. Mwana wa mng'ono wanga nditamutuma kutsuka mbale tsiku lina, mnzake akuwerenga, anandiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Ine ndiye Cinderella wa pano." Sindinamukalipire. Tinakhala pansi n'kuwerengera limodzi ntchito za sabata yonse, ndani anatunga madzi, ndani anasesa, ndani anatsuka. Anaseka yekha ataona kuti zikufanana. Koma filimu inali itamupatsa kale dzina loti adzitchule nalo, ndi loti anditchule nalo ine.

Chachitatu ndi ukwati. Aurora wa mu Sleeping Beauty amamutomera tsiku limene akumuonetsa kwa anthu ali khanda, ndipo zonse zimachitika atangokwanitsa zaka 16. Ariel wa mu The Little Mermaid nayenso ali ndi zaka 16 pamene amapereka mawu ake kwa mfiti ya m'nyanja kuti apeze miyendo yotsatira mnyamata amene sanayankhulanepo naye, ndipo filimu imatha ndi ukwati wawo. Snow White ndi Aurora amapsompsonedwa ali chigonere, osadziwa kanthu, nyimbo n'kumalira mokoma. Palibe mmodzi mwa amenewa amene amaoneka ali m'kalasi. Tikunena izi m'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 anakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa zaka 18 m'lamulo la maukwati la mu 2015, n'kusinthanso malamulo aakulu a dziko mu Febuluwale 2017 kuti pasakhale pozembera. Chimene chimakwatitsa ana ndi umphawi, mimba ndi kusowa kwa fizi, osati katuni. Komabe mtsikana wa Sitandade 7 amene alibe sopo, akamaimitsidwa ndi wa kabaza kapena wochita geni ku Mozambique, zimathandiza ngati m'mutu mwake mulibe kale chithunzi chakuti mavuto a mtsikana wosauka amatha tsiku limene mwamuna wandalama wamusankha.

Chodabwitsa n'chakuti chithunzi chimenechi n'chachilendo ngakhale pa mwambo wathu. M'mafilimu akale mtsikana amakwezedwa pahatchi n'kupita kunyumba yachifumu ya mwamuna, kwawo osadzakuonanso. Kuno kwa Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao, mwamuna ndiye amanyamuka kukakhala chikamwini. Amamanga nyumba pamalo a kuchikazi, amalima munda wa kuchikazi, ana ndi a mbumba ya mayi, ndipo atsibweni ndiwo ali ndi mawu. Ufumu umatsata mimba ya akazi, kupita kwa mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo amayi ovala mkanjo wa ufumu si achilendo m'maboma akuno. Chikamwini chili ndi mavuto ake, abambo ambiri amachoka n'kusiya ana osawathandiza. Koma mtsikana wa kuno amabadwa ali kale ndi nthaka pansi pa mapazi ake, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti aphunzire kulota zodzatoledwa. Ndikafuna kuwauza ana anga za mwana wamkazi weniweni wa banja lachifumu, ndimawasimbira za Theresa Kachindamoto, chitsirizira m'banja la ana 12, amene anagwira ntchito ya ulembi pakoleji ina ku Zomba kwa zaka 27, n'kuitanidwa kwawo ku Dedza kukalowa ufumu, kumene anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuwabwezera kusukulu.

Beauty and the Beast ndi imene imandivuta kwambiri, chifukwa Belle ndimamukonda. Amawerenga mabuku, amakana mwamuna wodzitama dzina lake Gaston, amadzipereka m'malo mwa bambo ake. Koma zimitsani mawu muone zotsala. Chilombo chimamutsekera m'nyumba, chimabangula, chimaphwanya mipando, mtsikana akunjenjemera. Iye amachisamalira, amachitsuka mabala, ndipo pamapeto chimasanduka mnyamata wokongola. Mayi aliyense amene anakhalapo pa chilangizo cha ukwati akudziwa mawu amene amagwirizana ndi chithunzi chimenechi: banja ndi kupirira, mwamuna amasintha ndi mkazi, za m'nyumba saulula. Tili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006, koma amayi ambiri amafika kupolisi mochedwa chifukwa ankayembekezera kuti chilombo chawo chisintha.

Zabwino nazo zilipo, ndipo zina zimadutsa ngakhale popanda Chingerezi. Mulan akumeta tsitsi n'kuvala zankhondo m'malo mwa bambo ake odwala, mwana aliyense amamva. Merida wa mu Brave akulasa mivi kuposa anyamata onse odzamufunsira, safunika womasulira. Moana amayendetsa bwato yekha panyanja yaikulu ndipo filimu yonse mulibe chibwenzi. Atsikana anga ataiona anasandutsa chitseko chakale kukhala bwato, mpini wa khasu kukhala nkhafi, ndipo anyamata a nyumba yoyandikana anavomera kukhala okwera. Mu Frozen momwemo, chimene chimapulumutsa Anna si mwamuna koma kudziponya kwake pakati pa lupanga ndi mkulu wake, ndipo pamenepo ana onse pakhonde anakhala chete, anamvetsa.

Sarah Coyne wa ku Brigham Young University anatsatira ana 198 a msinkhu wa sukulu ya mkaka, ndipo mu 2016 anapeza kuti okonda kwambiri za mapulinsesi, patapita chaka, ankatsata kwambiri makhalidwe amene anthu amati ndi achikazi. Kwa anyamata izi zinaoneka zothandiza, pakuti ankakhala othandiza anzawo. Atawayenderanso anawo ali pafupi kutha msinkhu, zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti ambiri mwa okonda mapulinsesi aja ankakhulupirira kuti akazi ndi amuna ayenera kupatsidwa mwayi wofanana. Nkhani yolimbikitsa ndithu. Tingokumbukira kuti amenewa ndi ana omva chilankhulo cha filimuyo, okhala ndi mabuku m'nyumba, amene makolo awo amatha kufunsa kuti waonamo chiyani. Zotsatira zawo sitingangozisenza n'kuzitula pa Nkando kapena pa Muloza.

Anganga anga ankatisimbira nthano ya namwali wonyada amene anakana anyamata onse a m'mudzi, n'kulola mlendo wosalala, wovala bwino, osadziwa kuti ndi fisi wobisala m'khungu la munthu. Anamupulumutsa ndi kamlongo kake konyozeka kamene kanawatsatira m'mbuyo. Imeneyi ndi nkhani ya Hans yomwe ija, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nthano zathu nazo sizinali zoyera zokhazokha, munali mfiti, munali amayi opeza ankhanza, munali akazi operekedwa ngati mphotho kwa wopha chilombo. Kusiyana kwake kunali pa kasimbidwe. Wosimba anali munthu wokudziwa, wokhala nawe pamphasa imodzi. Iye akati "Padangokhala," inu mumayankha "Tilitonse," ndipo mukasiya kuyankha nthano imaima. Akaona kuti wamng'ono wachita mantha ankafewetsa, akaona kuti wina watola molakwika ankabwerera m'mbuyo. Foni sibwerera m'mbuyo yokha, ndipo siona nkhope ya mwana.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anzanga amene amati tingowaletsa. Mukaletsa kunyumba akaonera kwa aneba, ndipo mwataya mwayi womva zimene akuganiza. Chimene ndimachita ine n'chaching'ono. Ndimakhala nawo, ngakhale ndikusankha nyemba, ndipo pena ndimaimitsa filimu n'kufunsa. Uyu walakwa chiyani kuti tizimuda? Agogo awa akanakhala okongola, mukanalandira chipatsocho? Akatha ukwatiwu mawa adzadya chiyani, adzagwira ntchito yanji? Mtsikanayu akanakhala wa m'kalasi mwanu, akanakhoza phunziro liti? Kholo silifunika Chingerezi kuti lifunse mafunso amenewa, chifukwa nalonso likuona zithunzi zomwezo. Mayankho ake amadabwitsa. Nditafunsa chimene Cinderella akanachita nsapato imene mwana wa mfumu ankamufunira nayo ikanapanda kumukwana, wamng'ono uja anati, "Akanapita kwa atsibweni ake kukanena." M'filimu monse mulibe atsibweni. Anawaikamo yekha.

Ndimafunanso ataona atsikana ofanana nawo. Mu 2023 Netflix inatulutsa Supa Team 4, katuni imene anaiyambitsa Malenga Mulendema wa ku Zambia, ya atsikana anayi a sekondale a mu Lusaka wa m'tsogolo amene amapulumutsa mzinda wawo akuthamangitsananso ndi homuweki. Khungu lawo ndi lathu, tsitsi lawo ndi lathu, matupi awo ndi osiyanasiyana. Ngati zatheka kwa aneba athu, nthano ya Kamdothi kapena za mizimu ya ku Sapitwa sizingalephere kujambulika, ndi mawu a Chichewa kapena Chilhomwe. Koma Netflix imafuna bandulo ndi ndalama za mwezi ndi mwezi zimene makolo a ana anga a m'kalasi alibe, choncho Elsa wa pakaunjika akhala nafe kwa nthawi ndithu. Anyamata amene amamasulira m'Chichewa mafilimu a karate ndi a ku India, amene amadzaza mavidiyo sho athu, akanachita bwino kuganizirako ana, bola amasulire zimene zikunenedwadi osati nthabwala zawo.

Pasukulu pathu pali gulu la amayi loyang'anira atsikana kuti asasiye sukulu, lija timati mother group. Ndawapempha kuti teremu ikubwerayi tizikhala pansi masana ena, ife akuluakulu tokha poyamba, tionere limodzi mafilimu amene ana athu analoweza kale, ine ndizimasulira mawu. Ambiri mwa amayiwa amagula zikwama za Elsa koma sanaonepo filimu ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Avomera, ndipo tapangana zoyamba ndi Beauty and the Beast. Pagululi pali anankungwi awiri amene amalangiza atsikana a m'midzi yozungulira, ndipo ndikufunitsitsa kumva zimene adzanene akadzaona chilombo chija chikuphwanya mipando mtsikana ali pakona.